Makalata Owerengera Mphaka

Göteborg, 9 Juni 1986

Achimwene Prabhakar,

Ndakhudza mapazi anu. A Amayi ndakhudzanso ngati angalole. Akabweza mwendo, muwauze kuti ndinali nditakhudza kale.

Muli bwanji ku Wai? Mvula yayamba? Bondo la Amayi likuwalola kutsika masitepe a kumtsinje? Kuno tili bwino. Akuti ndi chilimwe. Mlamu wanu Gunnar akuyenda chifuwa pamtunda, ine ndili m'juzi. Akuti ndikupatseni moni, ngakhale ndikudziwa kuti moni wakeyo athera pa inu.

Ndikudziwanso mmene makalata anga amawerengedwera kumeneko. Chikwatiwireni ndi mzungu wangayu ku ofesi ya boma, popanda wansembe, popanda moto, zaka zinayi zapitazo, Amayi analumbira kuti mawu anga sadzawamvanso. Ndiye inu mumakhala pakhonde n'kumawerengera mphaka mokweza, iwo ali kuseri kwa chitseko akusankha mpunga umene anasankha kale dzulo. Choncho mphaka iwe, tchera khutu, lero ndabwera ndi pempho.

Ndikufuna kaphikidwe ka puran poli. Musaseke. Zolowamo ndikuzidziwa: tchana wophika, wosakaniza ndi shuga wamibulu, wopera pamphero, ameneyo ndiye puran, kenaka kumukuta mu mtanda wa tirigu, kupyapyalitsa, kuwotcha pachiwaya. Nanga bwanji zikundikana? Sabata yatha ndinayesa. Tchana sindinampeze, ndinagula nsawawa zachikasu zimene anthu akuno amaphikira msuzi Lachinayi lililonse. Panatuluka phala. Gunnar anadya ndi supuni n'kunena kuti n'lokoma, koma munthu ameneyu amadya nsomba yosaphika yoviika m'viniga, umboni wake sitingapite nawo patali.

Mundiuze muyezo: tchana wochuluka bwanji, shuga bwanji, pamoto nthawi yotani. Ngati mphaka sadziwa, akafunse eni khitchini.

Mlongo wanu,
Sulabha


Wai, 24 Juni 1986

Sulabha,

Madalitso ochuluka. Tili bwino. Mvula yayamba, denga likudontha pamalo ake atatu akale ndi amodzi atsopano. Bondo la Amayi limapweteka pakafunika kupita kumsika, koma limachira lokha kukachisi kukabwera woimba.

Kalata yako ndinamuwerengera mphaka Lamlungu masana. Anamvetsera mpaka pa nsawawa, kenaka anayamba kunyambita mwendo. Kuseri kwa chitseko mpunga unasiya kulira m'lichero. Nditamaliza, Amayi anauza mphika, osati ine: "Mwamuna anadzipezera yekha. Tchananso adzipezere yekha." Uthenga wonse ndi umenewo. Mphika sunayankhe.

Kuseka ndinaseka, ngakhale unandiletsa. Iwe Sulabha! Si iwe unkati mphero ndi unyolo wa akazi a dziko lino? Unanena zimenezo uli ndi poli wachitatu m'kamwa. Chikondwerero chilichonse chikafika, iwe unkapezeka uli ndi mayeso mawa lake. Lero digiri ya zamankhwala ili pakhoma, koma zakugwetsa ndi nsawawa.

Kuwafunsa Amayi maso ndi maso sikungatheke, ukudziwa. Ndiponso muyezo alibe, amangoti "mmene dzanja lanenera". Koma mwezi wamawa kuli Bendur, tsiku la ng'ombe, ndipo ngakhale zathu ndi ziwiri zadothi zija, ziyenera kupatsidwa poli monga za eni minda. Tsiku limenelo ndidzalowa m'khitchini ngati kazitape, ndi sikelo ya kusukulu kwathu. Pirira.

Likapita limenelo Shravan ali pakhomo, ndipo ukudziwa chimene chikundidikira. Lachisanu lililonse la mwezi umenewo adzamata pakhoma chithunzi cha Jivati, mulungu wosunga ana, adzaumba tinyale tawo ta puran, adzathiramo batala wosungunula ndi kathonje, n'kundikhazika pa kampando. Ine, mphunzitsi wa masamu, wa zaka makumi atatu ndi zinayi, ndevu zili pamlomo, kundizunguliza moto kumaso ngati khanda. Chaka chatha ndinawauza kuti mwambo umenewu ndi wa amayi a ana aang'ono. Anati, "Ukadzakwatira ndidzaona ngati wakula."

Akathana nane amatuluka kukamwaza mpunga mbali zonse zinayi, wa ana amene ali kutali. Usadzinamize. Ndinawafunsa, anati amamwazira ana a dziko lonse. Koma wambiri umagwera pa malata a aneba athu a Phadke, ndipo ine ndikukhulupirira kuti ndi mkangano wa mpanda uja. Nkhunda zimawaipitsira denga mwezi wathunthu.

Tilembere. Mphaka amasangalala nawo makalata ako.

Mchimwene wako,
Prabhakar


Göteborg, 8 Julayi 1986

Achimwene,

Ndakhudza mapazi. Mphika muuuze kuti ndamva, ndipo tchana ndadzipezera ndekha. Ali m'kasitolo ka mmwenye mnzathu, Mgujarati wina amene anachita kuthamangitsidwa ku Uganda. Shuga wamibulu alinso naye, wouma ngati njerwa. Gunnar anamuswa ndi hamala pakhonde, mayi wa nyumba yapansi anatuluka kudzafunsa ngati tikugumula khoma.

Mphero kulibe, ndiye ndimakankha tchana pa sefa ndi supuni. Ndayesa katatu. Poli aliyense amaphulika ndikangoyamba kupyapyalitsa, puran n'kutulukira m'mbali. Womaliza anaoneka ngati mapu a dziko limene lili pankhondo.

Koma mvetsani, Achimwene. Za kung'ambikazo sindidandaula kwambiri. Chimene ndikufuna ndi puran mwini wakeyo, wouma bwino, wogwirika m'manja. Ndipo yankho lanu lifike kuno pa 8 Ogasiti pasanakwane. Musazengereze monga mumachitira ndi makope a ana asukulu.

Kuntchito ndili pa tchuthi chachitali. Dziko lino limapereka tchuthi pa zifukwa zambiri. Pepani zilembo zapendama, ndikulemba ndi dzanja limodzi, linalo latanganidwa.

Denga mukonzetse. Mankhwala a bondo amene ndinatumiza mu Epulo anafika? Ngati Amayi anawakana, mupake mphaka.

Sulabha


Wai, 21 Julayi 1986

Sulabha,

Madalitso. Mankhwala anafika. Amayi anati za kunja sapaka. Botolo latsala theka, ndipo mphaka sanunkha kanthu.

Za 8 Ogasiti ndazimvetsa, usaganize kuti ndine wogona. Apongozi ako akubwera kudzadya, ndipo ukufuna kuwaonetsa kuti mwana wawo anakwatira mkazi wa manja. Usaope. Anthu odya nsomba ya viniga sangasiyanitse poli wabwino ndi chigamba cha matayala.

Nali lipoti la kazitape. Dzana, tsiku la Bendur, ndinadzuka ndi sikelo. Tchana, magalamu 480. Shuga wamibulu, magalamu 510. Ufa wa tirigu, 300, koma pamenepa pali kukayika chifukwa wina unatsalira pa malaya anga. Tchana anawira mphindi 37.

Anandigwira ndikuyeza shuga.

"Ukutani pamenepo, Prabhya?"

"Ndikuona ngati wagolosale sanatibere."

"Zaka makumi atatu akutibera, iwe wadzidzimuka lero?"

Ndinakhala pa thumba la mpunga ndi wotchi m'manja, ngati ndikuyang'anira mayeso. Atathira shuga mumphika anatembenuka n'kuti, "Kokonati ndaiwala. Thamanga kumsika." Ndinati kokonati ali pawindopo. Anati ameneyo ndi wa Mulungu. Ndinathamanga, mvula ili pamutu. Pobwera ndinapeza puran ali kale pamphero, iwo akupera, akuuza mphaka kuti, "Pali anthu ena ophunzira amene amayesa puran amaphikidwa ndi wotchi."

Choncho chimene chinachitika pakati pa kuthira shuga ndi kuphula sindinachione. Ndawerengera: kupita kumsika ndi kubwera ndi mphindi makumi awiri, kuchotsapo zisanu zimene ndinacheza ndi ahedi ndi zisanu zina zimene Amayi anali atayamba kale kupera. Ika mphindi khumi, uphule. Masamu sanama.

Poli anatuluka monga mwa masiku onse, wopyapyala moti ukhoza kuwerengera nyuzi kuseri kwake. Ng'ombe zadothi zinangonunkhiza. Ine ndinadya asanu m'malo mwa izo.

Apongoziwo uwapatse moni wanga, wanga ndekha.

Prabhakar


Göteborg, 3 Ogasiti 1986

Achimwene,

Ndakhudza mapazi, koma mofulumira. Masamu anu anama. Ndinayeza magalamu onse, ndinaphula pa mphindi khumi, ndipo ndapezanso phala, kungoti la ulendo uno ndi lodula.

Apongozi sakubwera. Ali kunyumba yawo ya kunkhalango, akuthyola zipatso.

Ukazitape muusiye. Imani pakhomo la khitchini muwafunse Amayi mawu awa monga ndawalembera: puran aume bwanji kuti munthu akamuumba ngati kachikho, n'kuthiramo batala wotentha, asaphwasuke? Wanga amakhala pansi ndisanachotse n'chala chomwe.

Akakana kuyankha, mundiuze kuti akana. Musandikometsere. Lachisanu ndi ili lafikali.

Sulabha


Wai, 19 Ogasiti 1986

Sulabha,

Kalata yako ya pa 3 yafika dzulo. Phiri linagumukira mumsewu, matumba a makalata anagona sabata yathunthu kutsidya. Ma Lachisanu awiri adutsa, ndipo kawiri konse ndazungulizidwa moto.

Kuima pakhomo la khitchini sindinayerekeze. Ndinakhala pakhonde monga mwa nthawi zonse, ndinaitana mphaka, ndinayamba. Nditafika pa kachikho ndi batala ndinamva lichero lagwa, mpunga mbwee pansi. Chitseko chinatseguka.

"Bwereza pamenepo."

Ndinayang'ana mphaka. Anati, "Ndikunena iwe."

Ndinabwereza. Anafunsa kuti kalata yam'mbuyo inati tsiku lanji. Ndinati pa 8. Anafunsa kuti pa 8 linali tsiku lanji. Ndinati Lachisanu. Anandiyang'ana mmene ndimawayang'anira ana a kumbuyo kwa kalasi.

"Lachisanu loyamba la Shravan. Tchuthi chachitali. Dzanja limodzi latanganidwa. Puran woumba kachikho. Prabhya, madigiri awiri aja anakupatsa chifukwa cha chisoni? Ndi mkazi uti amaumba tinyale ta puran alibe womuzunguliza? Mlongo wako ali ndi mwana."

Ndinati sizingatheke, akanandiuza. Anati, "Akanakuuza iwe, ukanauza mphaka."

Ndinabwerera m'makalata ako onse atatu. Zonse zilimo, zoyalidwa ngati katundu wa pamsika, ndipo ine ndinali kalikiliki ndi apongozi. Ndakwiya nawe, udziwe. Ndine malume kwa miyezi ingati osadziwa? Ndayenda m'tauni muno ngati munthu wamba, ndakwera basi, ndalandira malipiro, palibe wondipatsa ulemu wa umalume.

Mpunga wapansi uja sanautole. Anandilanda cholembera, anang'amba pepala m'kope la mwana wina wa kalasi yachisanu ndi chitatu, anakhala pansi pafupi ndi mphero. Masana onse analemba tsamba limodzi ndi theka. Ndi limene ndaikamoli. Andiletsa kuwerenga, ndipo analimata ndi mpunga wophika m'mbali zonse, ndiye sindinawerenge. Mulinso kapepala kopinda, akuti usakatsegule ndi dzanja lamanzere.

Lachisanu lomaliza ndi pa 29. Ndikupita nayo ndekha ku tauni ya Satara kuti ikwere galimoto ya makalata ya lero.

Malume Prabhakar


Sulu,

Zilembo zanga ndi za kalasi yachinayi. Uwerenge pang'onopang'ono.

Tchana awire mpaka aziphwanyika pakati pa zala ziwiri, koma asasungunuke. Umukhuthulire pa sefa. Umusiye mpaka dontho lomaliza. Uli ndi changu ngati bambo ako, ndikudziwa sudikira. Madziwo usataye, ndi a msuzi. Wotaya madzi amenewo sanakulire m'nyumba mwanga.

Kenaka shuga. Akalowa, zonse zidzasanduka madzi ngati waononga. Pamenepo mpamene iwe umachita mantha n'kuphula. Usaphule. Chepetsa moto, takasa. Mkono udzapweteka, takasabe. Uimike mthiko pakati pa mphika, uchotse dzanja. Ukagwa, takasa. Ukaima wokha, wapsa. Wotchi umpatse mchimwene wako azisewera nayo.

Upere akadali wotentha. Akakhalabe wonyowa umuyale pa nsalu yakale ya thonje imwe madzi. Uumbe tinyale tisanu, chala chachikulu pakati. Tsiku limenelo usavale zobiriwira, ndipo madzi otsukira mpunga usawalumphe. Chithunzi cha Jivati ndaikamo ndi changa cha chaka chatha. Kumeneko sungachipeze.

Kalatayi ikachedwa usalire. Lachisanu likubwerali ndimwaza manja awiri, lako ndi la mwana. Afikiridwa.

Mchimwene wako amati ndimaponyera mpunga pa denga la a Phadke chifukwa cha mpanda. Mpandawo ndinauiwala kale. Ine sindidziwa kumene kuli Sweden. Ndimaponya kumene inalowera basi imene unakwera.

Za ukwati wako sindinaiwale. Imeneyo ndi nkhani ina, ili pomwepo. Koma mwana miyezi yonseyi wopanda womutchula dzina pamaso pa Jivati, unaganiza chiyani? Ndi wamkazi kapena wamwamuna? Dzina ndani? Wabadwa liti? Akuyamwa? Maso ndi amtundu wanji?

Munthu wako uja umpatse poli wotentha, batala wambiri. Wodya phala la nsawawa n'kunena kuti n'lokoma ali ndi mtima, ngakhale lilime alibe.

Mayi ako


Göteborg, 30 Ogasiti 1986

Amayi,

Ndagwada, mutu wanga uli pa mapazi anu.

Kalata yafika dzulo lomwelo, Lachisanu, cha m'ma leveni. Tchana ndinali nditaviika kale, poti ndinati ngakhale liphwasuke ndizunguliza phala lomwelo. Ndinadikira dontho lomaliza. Shuga atasungunuka ndinafunadi kuphula. Ndinatakasa. Mthiko unagwa kanayi. Kachisanu unaima, ndipo ndinakuwa mpaka Gunnar anabwera akuthamanga, n'kuujambula chithunzi. Mthikowo, osati ine.

Tinyale tinaima tonse tisanu. Kamodzi kanapendama, koma batala sanatayike.

Ndi wamkazi. Dzina lake Anagha, a kwa bambo ake amati Anna. Anabadwa pa 21 Malichi. Akuyamwa ngati wolipidwa. Tsitsi ndi la bambo ake, palibe chimene tingachite. Maso ndi akuda, ndi anu, makamaka akakwiya. Pozunguliza moto anautsata ndi maso, kenaka anayetsemula.

Mwafunsa kuti ndinaganiza chiyani. Kukhala chete kwanu pa ine ndinakuzolowera, ndinakuputa ndekha. Koma ndinkaopa kuti Achimwene adzawerenga pakhonde kuti kwabadwa mwana, ndipo kuseri kwa chitseko mpunga udzapitiriza kulira m'lichero. Chimenecho sindikanachipirira. Ndiye ndinangofunsa za puran.

Mpunga ndinamwaza nanenso, kuchokera pakhonde la nyumba yachinayi m'mwamba. Mwana wakutali ndilibe, ndiye ndinamwazira Achimwene, poti akuti sanakule. Gunnar anabweretsa kampasi kuti tipeze kumene kuli Wai. Wonse unagwera m'maluwa a mayi wa nyumba yapansi uja.

Poli anang'ambikabe. Atatu mwa asanu ndi awiri.

Pa envelopu ndalemba dzina lanu.

Mwana wanu,
Sulu


Wai, 12 Seputembala 1986

Sulabha,

Madalitso kwa iwe ndi kwa mphwanga, amene dzina lake ndalimva kwa a Phadke.

Kalata yako inafika Lachiwiri. Wamakalata anaipereka m'manja mwa Amayi, popeza ndi zimene unalemba. Analowa nayo m'khitchini, anatseka chitseko, anaiwerenga okha ndi chala, akutchula mawu limodzilimodzi chapansipansi. Ine ndi mphaka tinakhala pakhonde. Ndinayesa kutchera khutu, koma kuseri kwa chitseko kumeneko sikumveka bwino kuchokera mbali ino. Tachotsedwa ntchito tonse awiri, popanda chidziwitso.

Atatuluka anapita molunjika kwa a Phadke ndi mbale ya shuga, anthu amene sanalankhule nawo chiyambire mkangano wa mpanda. Pobwera anandiuza, ine mwini, osati mphika, kuti poli atatu ong'ambika mwa asanu ndi awiri ndi manyazi a banja, ndipo kupyapyalitsa sikuphunzitsidwa pa pepala. Akuti chikondwerero cha Holi, chimene timaphikira poli, chili mu Malichi, mwana adzakhala wotha kuyenda ulendo, ndipo mphero ikufuna mikono ya munthu amene ankaitcha unyolo.

Andituma funso limodzi, ndipo akuti uyankhe msanga chifukwa ngati yankho ndi ayi, mpando ndi tebulo tikabwereke kwa a Phadke nthawi ikadalipo. Munthu wako uja, pakudya adzatha kukhala pansi monga anthu? Miyendo yakeyo imapindika?

Prabhakar